Mwendo wa Alamu Ochokera ku Joni

Ntchito yanga ndi kaunjika. Ndimayala pa Malomo, ndipo tsiku la msika wa kwina ndimamanga belo pa njinga yamoto n'kutsetsereka mapiri mpaka ku Nachisaka. Pa zaka zonsezi, nzeru imene ndingaphunzitse munthu ndi imodzi: wogulitsa akakakamira pa mtengo, usalimbane naye. Tembenuka, uziyenda pang'onopang'ono. Usanafike patali, akuitana.

Alamu anga, mlongo wawo wa akazi anga, ankagwira ntchito yomanga ku Joni. Chitsulo chinawagwera pamwendo, anagonekedwa m'chipatala cha komweko, ndipo atatuluka bwana wawo anawalola kudzapuma kumudzi. Anafika ndi wailesi yaikulu, mabulangete, nsapato za ana anga, ndi chilonda chomangidwa bwinobwino pamsongolo.

"Alamu, katundu yenseyu mwadutsa naye bwanji pa boda?" ndinawafunsa.

"Anandifunsa chilichonse, kupatula mwendowu."

Tinaseka, osadziwa kuti katundu wolemera anali m'bandejimo.

Chilonda chinakana kupola. Tinachita zimene aliyense kwathu amachita: kugula makapisozi pa golosale, ena kumwa, ena kutsegula n'kuwaza ufa wake pachilonda. Ine ndinanenerera mpaka wa golosale anandiikira banyira. Mafinya anangowonjezeka, mwendo unatupa, thupi moto. Tinawatengera kuchipatala, ndipo ine ndinakhala gadiyani, ndi mkeka wanga ndi kapoto.

Achipatala anatengako mafinya kukayeza. Zotsatira zitabwera, adokotala, mayi wamfupi wolankhula mofatsa, anatiuza kuti tizilombo ta m'chilondamo sitimva mankhwala wamba, ndipo mwina alamu anatitengera kumene anagonekedwa kuja.

"Anthu amawoloka malire ndi ziphaso, tizilomboti timawoloka m'thupi la munthu," anatero. "Koma musaloze ku Joni kokha. Makapisozi anu omwa thekathekawo akulera tathu tomwe konkuno."

Anawasamutsira m'chipinda chaokha. Ine anandiuza kuti ndizisamba m'manja polowa ndi potuluka, mpaka zikhatho zanga zinayera ngati za m'busa. Mankhwala amene akanagwira ntchito anali amodzi okha, a mu diripi, ndipo ankafunika milungu ingapo osadumphitsa.

Mwendo utayamba kuphwa, bwana uja anaimba foni: abwerere msanga, apo ayi alemba wina.

"Alamu," anandiitana, "inu mumatsitsa mtengo wa mbuzi mwini wake akuyang'ana. Kandichotsereniko masiku kwa adokotalawo."

Ndinavala jekete labwino la mu belo, n'kupita. Ndinayamba ndi kuwapatsa moni wautali. Ndinatamanda chipatala. Kenako ndinati munthu uja wachira kale, ndiye bwanji tigawane pakati masiku otsalawo. Anakana. Ndinati atichotsereko mlungu umodzi wokha, otsalawo atipatse a mapiritsi akamwere m'basi. Anakana. Pamenepo ndinapukusa mutu momvetsa chisoni, ndinatembenuka, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono.

Ndinafika pachitseko, zii. Ndinafika pakhonde, zii. Nditacheuka, mayi aja anali akupima mwana wa munthu wina. Ndinabwerera chipewa chili m'manja.

"Mwaiwala chiyani, bambo?"

"Ayi, ndimangowongola miyendo."

Anamwetulira pang'ono. "Amene mukunenerera nawo si ine. Alamu anu akasiyira mankhwala panjira, tizilombo totsalato tidzakhala tolimba kuposa poyamba, ndipo pashelefu sipadzakhala china choti tiwapatse. Chotsala chidzakhala kudula mwendo."

Ndinawapeza alamu akulongedza chikwama. Ndinawafotokozera zonse, koma iwo anangoti ku Joni kulinso zipatala, ndipo ntchito ikapita ana adya chiyani. Zinali zoona. Ndinapinda mkeka wanga, ndinatenga kapoto.

"Chabwino, pitani. Koma nsapato ya kumanzereyo mundisiyire. Simudzaifunanso, ndipo ine ndili ndi kasitomala wa mwendo umodzi ku Chezi."

"Inu ndinu mfiti, alamu."

"Mlongo wanu anandisankha yekha. Muyende bwino."

Ndinatuluka. Khonde lija linali lalitali, ndipo ndinayenda ngati nkhalamba. Pamsika, munthu akapanda kukuitana umangotaya malaya amene unawakonda. Apa zinali zina, chifukwa ndikanafika kugeti, ndinalibenso nzeru ina. Ndinadutsa wodi ya amayi. Ndinaima n'kumanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale.

"Alamu."

Sindinacheuke msanga. Zimenezo n'zosaloledwa.

"Alamu, tabwerani. Mukapita, andiperekeza ndani kubafa?"

Anamaliza mankhwala onse. Ntchito ija inapitadi, bwanayo analemba wina, ndipo alamu anakhala masiku osandilankhula bwino. Mwendo ulipo, ngakhale amaukoka pang'ono kukazizira m'mapiri muno. Pano timayala limodzi pa Malomo, iwo nsapato, ine malaya. Wina akabwera ndi chilonda n'kufunsa za makapisozi, amakwinya buluku, kumuonetsa chipsera, n'kumulozera njira ya kuchipatala. Pa malonda pokha ndiye ndalephera kuwaphunzitsa. Kasitomala asanatembenuke n'komwe, iwo amakhala atamuitana kale.