Phewa la ababa pa chidole cha masipoko

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chomwe madzi anatithamangitsa kwa Mlolo. Sikanali koyamba, koma ulendo umenewo mtsinje wa Shire unabwera ndi ukali, unatenga nyumba, mbuzi ndi sutikesi ya amayi. M'sutikesimo munali chithunzi chimodzi chokha cha ababa, omwe anali atamwalira Zuze, mlongo wanga wamng'ono, akadali kumsana. Tinakakhala ku Ngabu kwa atsibweni, amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi msika.

Ku Ngabu kumatentha ngakhale kwa ife obadwira kuchigwa. Amayi ankapita kukatola thonje m'minda ya eni, n'kubwerako atatheratu, osafuna n'kuyankhula komwe. Zuze, poti ababa sankawakumbukira, anayamba khalidwe lomwe linkatichititsa manyazi: akaona bambo wamtali aliyense wa kabaza, ankamuthamangira n'kumugwira thalauzi, amvekere ababa, ababa. Anthu ankaseka. Amayi sankaseka, ankangomukoka mkono, kenako n'kukakhala okha kuseri kwa nyumba nthawi yaitali.

Kusukulu ndinkadziwika ndi kujambula, makamaka mbalame ndi mabwato, ndiye atsibweni anati ndijambule ababa kuti mwanayo asiye kutola abambo pamsewu. Kunena kunali kosavuta. Anthu onse amene ndinkajambula ankatuluka ngati mitengo ya mpanda, manja ali lende, osadziwika ngati akuyenda kapena aima. Ndinapempha atsibweni kuti andiimire ndiziwaonera, koma ndisanamalize ndi mutu womwe anayamba kudzikanda, kenako kunabwera munthu ndi tayala lophulika. Anati iwo si mtengo wa magetsi, ndikapeze wina wosowa chochita. Amayi sindikanawapempha, munthu woti wawerama m'thonje tsiku lonse sungamuuze kuti aime.

Choncho ndinayamba kufunafuna munthu woti sangatope. Woyamba ndinamuumba ndi dothi. Anali wokongola m'mawa, koma pofika masana dzuwa linali litamung'amba, mkono n'kugwa, ndipo momwe waumiramo ndi momwemo, osapindikanso. Wachiwiri ndinamupanga ndi mapesi a mapira, n'kulumikiza ndi minga. Ameneyo ankapindika kamodzi kokha, kachiwiri n'kuthyoka. Ndinatopa nazo, ndinalira, ndinakataya zonse kudzala.

Atsibweni ataona kuti ndakhumudwa zenizeni, anatola masipoko akale, anawapinda ndi pulayala, n'kumanga molumikizira monse ndi malegeni a chubu. Mutu unali nati. Chidole chimenecho chinali chonyansa, chakuda ndi girisi, koma chinkamvera. Ukachiweramitsa chinkawerama, ukachikweza mkono chinkakhala choncho mpaka mawa, osadzikanda. Pochionera ndi pomwe ndinazindikira kuti chigongono chimafika m'chiuno, ndiponso kuti munthu akaima amatsamira mwendo umodzi.

Ndinachiimika chilili, chifuwa patsogolo, mapewa olingana ngati a msilikali, chifukwa ndimo ndinkafunira kuti ababa akhale. Ndinajambula pa katoni ya sopo, ndi makala ndi kapensulo kotha. Nkhope inandivuta, koma thupi linatuluka bwino moti atsibweni anaitana anzawo a kabaza kuti adzaone, ndipo onse anayamikira. Lamulungu titachokera kutchalitchi ndinakawaonetsa amayi.

Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti ameneyo anali ndani. Nditawauza, anapukusa mutu.

"Nkhabe, mwanawe. Uyu sanagwirepo nkhafi. Bwera nacho kuno chidole chakocho."

Anachigwira ndi zala zawo zong'ambikang'ambika ndi thonje. Anatsitsa phewa lamanja, anapendeketsa msana pang'ono, khosi n'kulikankhira patsogolo. Kenako anasiyanitsa miyendo, monga amaimira munthu wozolowera kuti pansi pake pamagwedera. Anachiimika pa njerwa n'kubwerera m'mbuyo. Anali ababa, akutsika m'bwato padooko, atawolotsa anthu tsiku lonse, akupalasa mbali imodzi yomweyo monga ankachitira moyo wawo wonse.

"Nkhope yawo nanenso ikundithawa," amayi anatero motsitsa mawu. "Koma phewa ili ndinkalizindikira bwato likadali pakati pa mtsinje."

Zinandiwawa, chifukwa munthu wanga wowongoka uja anali wokongola kuposa uyu, ndipo ndinali nditamuvutikira. Komabe ndinatembenuza katoniyo n'kujambulanso, ulendo uno ababa atayang'ana kumbali, nkhope ikungooneka pang'ono pansi pa chipewa. Palibe wa kabaza amene anayamikira. Mmodzi anafunsa ngati munthuyo ankadwala. Tinakhoma chithunzicho pakhoma, amayi n'kumunyamula Zuze kuti aone bwino. Kuyambira pamenepo Zuze anasiya kuthamangira abambo a eni. Ankangoima m'mbali mwa msewu n'kumayang'ana mapewa a anthu odutsa, ndipo sanapeze lofanana nalo.

Lero ndimadyera kujambula komweko, mabuku a ana ndi zikwangwani, ntchito yotopetsa maso yomwe sikutha. Ndili ndi chidole chogula, chamatabwa osalala, chokhala ndi masipuling'i m'kati. Ana amene ndimawaphunzitsa amandifunsa kuti agule chotani, ndipo ndimawauza zomwe aliyense angawauze: chizipindika m'khosi, m'chiuno ndi m'mawondo, komanso chizikhala momwe wachisiyira. Chomwe sindiwauza kawirikawiri n'chakuti changa chamatabwacho ukachitsitsa phewa chimabwerera chokha. Sichidziwa kutopa, ndiye anthu ojambulidwa pochionera amaoneka ngati sanakhalepo padzuwa.

Zomwe ndikumvetsa tsopano, msana wanganso utayamba kupendekera kutebulo, n'zakuti munthu timamuzindikira ndi pomwe ntchito inamupinda. Ukamuwongola pamenepo wamufufuta, ngakhale uchite zimenezo chifukwa chomukonda. Katoni ija inadyedwa ndi chiswe, amayi anatsatira ababa, ndipo Zuze ndi bambo wa ana ake. Chatsala ndi chidole cha masipoko chija, pawindo langa. Malegeni anatha kale, ndinachimanganso ndi ulusi, koma phewa likadali momwe amayi analisiyira. Alendo akabwera amachitola, n'kunena kuti chapindika. Akangoti achiwongole, ndimawagwira dzanja.