Dzina Langa m'Kope la Mabvuto

"Ni gemu chabe, ba dadi! Kuba mu foni si kuba!" Anandikalipira choncho mwana wanga Thoko nditamulanda foni. Munthu wake wa m'gemumo amawonjezera luso akathyola maloko a eni ake. Ndinapsa mtima. Mawu akuti "chabe" ine sindiwakhulupirira.

Tili ana m'mafulati a ku Kabwata, mnzanga Mabvuto anali ndi kope lonunkha palafini, momwe analembamo dziko lake la ankhondo ndi afiti. Tinkaponya chitsekerero cha botolo kuti tione wopambana, ndipo chikakugwera bwino, Mabvuto ankachonga luso lako m'kopemo. Ine ndinasankha kukhala mfiti chifukwa inali ndi maluso ambiri.

"Iwe, kuuluka si tchimo," ankatero Mabvuto. "Nanga ngati ukukapulumutsa munthu?"

Ndinkamutsutsa, koma ndinkaulukabe.

Ndiye mwana wa aneba anadwala. Amayi anga anapeza kopelo, lomwe ndinali nditabwereka, pansi pa matiresi anga, nawerenga dzina langa, kenako kuuluka, kulodza, zonse zochongedwa ndi bolopeni yofiira.

"Wakuphunzisa ndani? Kamba!"

Ndinkaganizadi kuti ndine ndamudwalitsa mwanayo, pakuti dzulo lake chitsekerero chinandigwera bwino katatu pa luso la kulodza. Amayi anabisa kopelo m'chitenje kuti aneba asalione, n'kumandiyang'ana ngati mlendo.

M'mawa mwake ndinawauza amayi kuti zonse n'za Mabvuto, ine anangondikakamiza. Nkhani inazungulira mafulati onse, makolo analetsa ana awo kusewera naye. Bodza limenelo silinali la m'masewera, ndipo mpaka lero sindinamupepese.