Tsiku Limene Ndinadula Luzi la Kompyuta

Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umawira. Pa sekondale yathu ku Tengani tinali ndi kompyuta imodzi yokha, mphatso ya bungwe lina. Ndinkaisamala ndine, osati chifukwa chodziwa, koma poti anzanga ankaopa kuiwononga. Mayeso onse oyeserera a Fomu 4 ndinawatayipa momwemo.

Tsiku lina ahedi anapeza aphunzitsi awiri akusewera makadi pakompyutapo nthawi ya ntchito. Anandiitanitsa.

"Aphunzitsi, njuga imeneyi ichoke lero lomwe."

Nditalamula makinawo kuti achotse masewerawo, anayankha kuti achotsanso phukusi lina la dzina loopsa, lokhudza desikitopu yonse, ndiye kuti zonse zimene umaona ukayatsa kompyuta. Ndinaimbira mlamu wanga wokonza mafoni ku boma.

"Nkhabe vuto, alamu," anatero m'Chisena, kutanthauza kuti palibe vuto. "Phukusi limenelo mulibe kanthu. Ndi luzi chabe lomangira mtolo wa mapulogalamu."

Sananame. Chimene sanandiuze n'chakuti ukadula luzi, makinawo amaona bango lililonse la mumtolomo ngati lopanda mwini. Luzilo ndinalidula, ndipo sabata yonse zinthu zinkayenda bwinobwino. Kenako makinawo anandifunsa ngati angasese mapulogalamu ambirimbiri amene akuti sakufunikanso. Mndandanda wake unali wautali, mayina odukaduka. Ine ndi ukhondo wangawu ndinavomera osawerenga.

M'mawa mwake, tsiku losindikiza mayeso, ndinayatsa. Mdima bii, kamzere koyera kakungophethira pakona. Pulogalamu yolembera inali itapita, yosindikizira itapita. Mayeso anali m'katimo ndithu, koma khomo lolowera panalibe. Kubwezeretsa kunkafuna intaneti, yomwe kwathu kuno umaisaka utakwera pachulu.

Anthu amene anapanga zimenezi analephera chiyani kulemba mawu omveka, akuti ukachotsa ichi, zinzake zonse zidzasanduka zinyalala? Amayesa aliyense intaneti amatunga ngati madzi a pamjigo. Ndinawakwiyira, ndinakwiyira mlamu, ndinakwiyira ahedi, koma koposa onse ndinakwiyira chala changa.

Mayeso ndinawalemba pabolodi kuchokera m'mutu, malata akuthetheka ndi dzuwa. Mafunso ena ndinawaiwala, mapu anatuluka okhotakhota, ana akuseka chamumtima. Ahedi anaima pakhomo nanena ana onse akumva, "Tinkayesa mumazidziwa, aphunzitsi."

Ndinatuluka malaya atanyowa ndi thukuta, manja ali mbuu ndi choko. Pansi pa mtengo wa nimu ndinapeza aphunzitsi awiri aja akugawana makadi enieni a pepala. Mmodzi anasendera kuti andipatse malo.