Pumani, Musakankhe!

Chizindikiro choyamba chinandipeza m'munda wa mbatata ya kachewere, mwezi wa Juni, m'kuzizira kwa kuno ku Mphunzi kuja kumaumitsa zala. Ndinali ndi pakati pa miyezi isanu. Mwana anagunda m'mimba, ndipo m'malo mosangalala, mtima wanga unayamba kuthamanga ngati ndikuthawa galu. Thukuta linatuluka m'manja, mpweya unandithera mpaka ndinakhala pansi pakati pa mizere. Patapita kanthawi zinatha, koma mawa lake zinabweranso. Sabata isanathe ndinali nditasiya kudya bwino, tulo tosabwera, mutu ukuwawa chakumbuyoku.

Pakati apa panali pachiwiri. Poyamba paja ndinali mtsikana wongokwatiwa kumene, ndipo anamkungwi anandilangiza kuti mkazi weniweni salira matenda akayamba, amaluma chitenje n'kupirira. Ine ndine munthu wosafuna kusekedwa, choncho ndinalumadi chitenje osauza aliyense. Pamene amayi anga anazindikira, nthawi inali itapita. Njinga yamoto inandidumphitsa pa msewu wathu wa miyalawu, koma tinakafika kuchipatala mwana atatisiya kale. Anali wamwamuna. Kuyambira tsiku limenelo, ndikangoganiza za khomo la chipinda chochiriramo, mantha ankandigwira, ndipo n'chifukwa chake pakati pachiwiripa ndinkazemba sikelo.

Amuna anga, aFabiyano, ndi anthu ofatsa, koma ulendo uno sanandinyengerere. Anandikweza pa njinga yakapalasa mpaka kuchipatala chathu chaching'ono. Kumeneko tinadikira pa benchi kuyambira m'mawa, kenako anandikweza pa sikelo, anayeza magazi, mkodzo ndi malungo, n'kumvera mtima wa mwana ndi kachipangizo kooneka ngati fanulo. Bipi inapezeka yokwera pang'ono. Mzamba amene ankandiyezayo, mayi wamfupi wa mawu amphamvu, anandikhazika pambali, ndipo atayezanso inali itatsika.

"Magazi anu ali bwino, mwana ali bwino," anatero. "Chikukudwalitsani ndi mantha. Nawonso ndi matenda, ndipo amachizika."

Ine ndinatambasula mkono kudikira jakisoni. Iwo anangoti, "Pumani." Ndinakondwa kuti ndapeza nesi wachifundo, ndinagona pa benchi n'kufunda chitenje mpaka kumutu. Anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Sindikunena kupumula, mayi. Ndikuti kokani mpweya!"

Ndinamva pambuyo pake kuti amayi onse a kusikelo amawatchula kuti aPumani, ndipo eni ake amavomera dzinalo.

Anandiphunzitsa kukoka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno, n'kuutulutsa ndi pakamwa ngati ndikuziziritsa phala la mwana. Kenako kumasula nsagwada, mapewa, zala, mpaka thupi lonse litalemera. Chomaliza ndicho chinandidabwitsa. Anati nditseke maso, ndisankhe njira imene ndimaidziwa bwino, ndiziyenda m'menemo m'maganizo mpaka zondizungulira zizimveka patali. Iwo ankati kumeneku ndi kudzigoneka uli maso. Ndinawafunsa ngati zimenezi sizotsutsana ndi mpingo, poti ine ndimaimba kwaya. Anati nawonso ndi a Katolika, ndipo mpweya ndi wa Mulungu.

Ndinasankha njira yochokera kudimba kwathu kukwera chitunda mpaka kunyumba, ndowa ili pamutu. Njira imeneyo ndimaidziwa mwala uliwonse, ndimadziwa pamene pali muzu wopunthwitsa, ndimadziwa pa thanthwe pamene mawondo amayamba kudandaula. APumani anati ululu wa matenda ulinso choncho: umayambira m'munsi, umakwera, umafika pamwamba, kenako umatsika. Apa ndiye ndinawamvetsa, chifukwa ife a ku Dedza zitunda tinabadwa nazo, ndipo palibe amene amakwera chitunda ataluma mano ndi kutseka mpweya. Koma anandichenjeza ataloza chala: "Kufatsa si kubisa. Chilichonse chikasintha m'thupi, nenani msanga."

Kunyumba ndinkayesa masana aliwonse ndikaweruka kumunda. Tsiku lina aFabiyano anandipeza nditatsamira khoma, maso otseka, kukamwa kuli yasa, ndipo anathamangira mtsuko kuti andithire madzi poganiza kuti ndakomoka. Mwayi ndinatsegula maso madziwo asanandipeze. Mu Julayi kuthamanga kwa mtima kunayamba kuchepa. Pofika Ogasiti ndinkagona mpaka kuliza mkonono, ndinkadya ngati waganyu, ndipo sikelo sindinaphonyenso. Mapiritsi owonjezera magazi ndi a malungo ndinkamwa monga anandiuzira.

Kumayambiriro kwa Okutobala ananditumiza kuchidikiro, nyumba imene amayi oyembekezera amakhalamo pafupi ndi chipatala. Ndinapita ndi amayi anga, aNambewe, ngati wondidikirira, titanyamula ufa, nyemba, nkhuni, beseni ndi zitenje. Moyo wa kumeneko ndi wodikira basi. M'mawa kusesa, kenako pamzere kukayezetsa bipi ndi kumvetsera mtima wa mwana, masana kuphika ndi kuyendayenda. Mnzanu amene munadya naye dzulo, lero mumamva kuti walowa m'chipinda chochiriramo. Aliyense akalowa, mtima wanga unkafuna kuyambiranso zake zija, ndiye ndinkapita kuseri pansi pa mtengo kukakwera chitunda changa. Anzanga ankandiseka kuti ndinabwera kudzagona, ena awiri n'kuyamba kudzakhala pambali panga kuti ndiwaphunzitse.

Matenda anayamba Lachinayi m'mawa ndikuchapa pa mpope. Msana unagwira, ululu n'kuzungulira kubwera kutsogolo. Ulendo uno sindinalume kanthu, ndinasiya zochapa n'kukanena. Anandiyeza n'kundiuza kuti njira yangoyamba kutseguka, ndiziyendayenda. Ndisakunamizeni, ululu unalipo, woti munthu n'kuiwala dzina lake. Koma uliwonse ukabwera ndinkasenza ndowa yanga, kupuma, kukwera, kudutsa pa muzu, kufika pa thanthwe, kenako kutsika. Ndinadabwa kuti pakati pa ululu wina ndi unzake pali mpata weniweni wopumula, mpata umene poyamba paja mantha anandibisira. Mumtima ndinkangoti, ine yemwe uja!

Dzuwa litafika paliwombo ndinamva kuti zasintha. Mwana anali atatsika, ndipo thupi linkafuna kukankha lokha. Ndinauza amayi kuti akaitane anesi. Iwo anandiyang'ana nkhope, anaona munthu wowodzera.

"Iwe, munthu wodwala saoneka choncho," anatero. "Ine ndabereka asanu ndi mmodzi. Tisakavutitse anesi pachabe, angatikalipire."

Sindikuwada amayi anga, chifukwa iwo matenda amawadziwira pa nkhope yokwinyika. Koma ndinaona kuti kufatsa kwanga kukufuna kundichedwetsa monga kunandichedwetsera kupirira. Ndinadzuka ndekha, ndikugwira khoma, mpaka pa khomo lija ndinkaliopa. Pamenepo mtima unagunda mwamphamvu. Ndinatulutsa mpweya wautali n'kulowa.

APumani ndi amene anali pa ntchito. Atandiyeza anakuwa, "Mayo, mutu uli pafupi! Kwerani pabedi!" Ndinakankha pamene anandiuza kukankha, ndipo mutu unatuluka. Kenako mawu awo anasintha.

"Musakankhe! Mchombo wazinga khosi. Pumani!"

Amene anachirapo akudziwa kuti pa nthawi imeneyo kuuza mayi kuti asakankhe kuli ngati kuuza mvula kuti ibwerere kumwamba. Thupi lonse linkandilamula kuti nditsirize. Ndinatseka maso n'kukaima pa thanthwe paja, ndowa yodzaza ili pamutu, ndikuuzira mpweya pang'onopang'ono kuti madzi asatayike. Ndinkamva zala zawo zikugwira ntchito, koma ngati zikuchitikira kutsidya kwa mtsinje. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yotani. Ndinangomva, "Tsopano kankhani!"

Anali wamkazi, ndipo anatuluka ali chete. Anamupukuta msana mwamphamvu ndi nsalu, ine maso ali pa iye, osaphethira. Kenako analira. Kulira kwake! Chipinda chonse chinadzaza, ndipo panja amayi anga anaimba nthungululu osadziwa n'komwe kuti ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Atamuika pachifuwa panga, nanenso ndinalira mokweza, mosachita manyazi. Mwana wanga woyamba uja anakamuika azimayi okhaokha, ndipo anandiletsa kulira, amati nthayo, mwana wobadwa atafa, sailira, ungatseke mimba. Misozi imeneyo ndinali nditaisunga nthawi yonseyi. Tsiku limenelo ndinalirira ana awiri, wina pomutsanzika, wina pomulandira, ndipo aPumani sananditontholetse.

Anandibaya jakisoni woletsa kutaya magazi, anandisoka pang'ono, ndipo titaonedwa kuti tonse tili bwino anatitulutsa. Ndinabwereranso kukayezetsa monga anandiuzira, bipi inali m'malo mwake. Lero mwanayo, Tadala, akukwawa, akukoka chilichonse chimene wachipeza, ndipo katemera sanaphonyepo. Ine ndinabwerera kudimba ndi kukwaya, kumene akuti mawu anga akutalika kuposa kale. Amayi anga amauza aliyense pa chigayo kuti mwana wawo anachira ali m'tulo, ndipo ndatopa n'kuwakonza.

Kwa inu amene muli ndi pakati, yambani sikelo msanga, musadikire kuti mimba ioneke. Ngati mtima ukukuthamangani ndi mantha, kaneneni monga mmene munganenere mutu kapena kutupa miyendo, chifukwa thandizo lake lilipo. Phunzirani kupuma nthawi ikadalipo, koma kupumako kusalowe m'malo mwa chipatala: Tadala anapulumuka chifukwa panali manja odziwa kumasula mchombo. Akakuuzani zopita kuchidikiro, pitani, ndipo thupi likasintha nenani, ngakhale amene akukudikirirani atakutsutsani. Ine nzeru zimenezi ndinazipeza nditaika kale mwana m'manda. Inu mwazimva wanu akugundabe m'mimba, choncho nyamukani.