Kalata ya Mayi wa ku Kasakula

Ndagwira ntchito ya ulembi pa sukulu ina ya sekondale ya mishoni, m'mapiri a ku Dowa, kwa zaka zoposa makumi awiri. Poyamba makalata ankabwera m'thumba kuchokera ku positi ofesi ya pa Boma, kawiri pa sabata, ndipo ndinkawatsegula ndi kampeni. Itabwera kompyuta ndi imelo, makalata anasiya kukhala ndi tsiku lofikira. Amangogwa ngati mvula ya mu Januwale.

Chaka chatha amuna anga anadwala kwambiri, mpaka anawagoneka kuchipatala cha ku Mtengowanthenga. Ine ndinali wowadwazika, ndipo kuofesi sindinapondeko miyezi iwiri. Atachira ndinabwerera kuntchito. Nditatsegula kompyuta Lolemba m'mawa, ndinapeza bokosi la maimelo litadzaza. Makalata osawerengedwa anali oposa zikwi ziwiri. Ahedi anali atayendetsa sukulu ndi foni yokha, bokosi la maimelo osalikhudza, chifukwa amati limawazunguza mutu.

Ndinalimbana nawo masiku awiri. Munali otsatsa mabuku ndi mayunifomu, ofuna ntchito, zikalata za ku ofesi ya maphunziro, ana athu akale opempha makalata a umboni, ndi ena ondiuza kuti ndapata galimoto pa mpikisano umene sindinalowe. Ndikawerenga makumi awiri, enanso khumi alowa.

Lachitatu m'mawa muofesi munalowa madamu ophunzitsa sayansi. Ndi amsinkhu wanga, ndipo timayimbira limodzi ku chigwirizano cha amayi.

"Mayi mlembi, maso afiira chonchi bwanji? Kodi abambo ayambiranso?"

"Ayi, akupeza bwino. Ndi makalatawa, andikwana."

Anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Anandionetsa kabokosi kena pakona ya kompyuta kamene ndinali ndisanakakhudzepo. Anati mmenemo muli pulogalamu ya nzeru zamakina, ija anthu akuitcha AI, ndipo ikhoza kuwerenga makalata onsewo n'kuwasankha.

"Ingoiuzani zimene mukufuna, monga mungauzire munthu."

"M'Chizungu?"

"Yesani m'Chichewa, tione."

Ndinalemba kuti, "Zikomo, muli bwanji? Chonde mundithandize kusankha makalatawa. Ofunika kuyankha msanga akhale pamwamba." Madamu anaseka mpaka kugwira tebulo. Anati chiyambire sanaonepo munthu akupereka moni kwa makina. Ine ndinati sindipempha chinthu kwa mlendo ndisanamulonjere.

Tiyi amene ndinathira m'kapu anali asanazizire pamene ntchito inatha. Makalata onse aja anali m'milu isanu: ofulumira, a makolo, a ku maofesi, odikira, ndi otaya. Pansi pa kalata iliyonse panali mzere umodzi wonena zimene zili m'katimo. Bambo anga anali mlimi wa fodya, ndipo ndili mwana ndinkawaona m'chigafa akusankha masamba, lofiira uku, lakuda uko, long'ambika pambali, tsiku lathunthu. Ichi chinachita zomwezo ndi mawu a anthu, ine ndisanaphethire bwino.

Pamwamba penipeni chinaika makalata atatu pamodzi. Yoyamba inali chikalata cha ku ofesi ya mayeso. Yachiwiri inali mndandanda wa ana a Folomu 4 umene ine ndemwe ndinatumiza ndisanachoke. Yachitatu inalibe mutu, ndipo inachokera pa keyala ya kashopu kena ka ku Kasakula kumene amataipa ndi kujambula mapepala. Kalata ngati imeneyo ndikanaifufuta osaitsegula. Inalembedwa mopanda mpumiro ndi umodzi womwe:

"zikomo ahedi ndine mayi wa mwana uja anasiya folomu 4 chifukwa cha pakati mwana anabadwa ndipo ndikulera ndine mtsikanayu sakudya akungolira akufuna abwerere adzalembe mayeso chonde mundiyankhe ndalemba kachitatu tsopano"

Kumapeto kunali dzina la mayiwo ndi la mtsikanayo. Pansi pake pulogalamu ija inalemba kuti: "Kalatayi ikukhudzana ndi ziwiri zili pamwambazi. Kulembetsa mayina a olemba mayeso kutsekedwa Lachisanu lino, ndipo dzina la mtsikanayu palibe pa mndandanda wanu."

Tsiku lotsekeralo linali pa tsamba lachinayi la chikalata chija, m'timalemba ting'onoting'ono. Palibe amene anauza chinthucho kuti makalata atatuwo ndi nkhani imodzi. Ndinatembenukira kwa madamu.

"Ndiuzeni zoona. Kodi kuli munthu kwinakwake amene akuwerenga zimenezi?"

"Kulibe munthu. Ndi makina amene anaphunzitsidwa ndi zolembedwa zambirimbiri."

"Mpaka Chichewa cha ku Kasakula chopanda mpumirochi?"

"Ine ndimaphunzitsa sayansi, mayi, koma pamenepa nanenso ndimangogwira pakamwa."

Sikuti chinakhoza zonse. Madzulo ake ndinapita pa mulu wa odikira, ndipo ndinapezamo kalata ya mwana wa mlonda wathu wakale. Analemba kuti bambo atsogola, mawa tikawaperekeza kumudzi. Pulogalamu ija inalemba pansi pake kuti ndi chidziwitso cha ulendo. Mtima unandiwawa, pakuti panali patapita masabata atatu maliro ataikidwa. Ndinailembera kuti kwathu kuno kutsogola kotereku ndi imfa, ndipo uthenga wa maliro sudikira. Inapepesa, inafufuzanso mulu wonse, n'kutulutsamo kalata ina yamtundu womwewo. Kuyambira pamenepo mulu wa odikira ndimaupenda ndi maso anga.

Koma nkhani ya mtsikana ndiyo inali pamoto. Mayi ake sanalembe nambala ya foni, ndipo kuyankha kudzera kushopu kukanatha masiku. Ndinawatengera ahedi makalata atatuwo. Anawerenga ataimirira, kenako anavula magalasi.

"Mwana ameneyu ndikumukumbukira, ankatsogola pa masamu. Malamulo amalola kuti abwerere. Mayi mlembi, mawa ofesi itsekeni, mukamutenge."

Lachinayi ndinalawirira. Ndinakwera minibasi, kenako njinga yamoto ya kabaza imene inandikweza ndi kunditsitsa m'zitunda za ku Ntchisi mpaka msana unauma. Mwini shopu uja anali bambo wachikulire wa ndevu zoyera. Nditangotchula nkhaniyo anawomba m'manja.

"Mayi amenewo amabwera tsiku la msika lililonse kudzafunsa ngati mwayankha. Ine manyazi anayamba kundigwira, ngati wolakwa ndine."

Anandilozera njira yodutsa kuseri kwa tchalitchi. Mayiwo ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza, khanda lili kumsana. Nditanena kumene ndachokera, lichero linawapulumuka, mtedza n'kumwazika pabwalo ponse. Anaitana mwana wawo. Mtsikanayo anatuluka m'nyumba, wowonda kuposa mmene ndinkamudziwira, ndipo atandizindikira anagwada patali, nkhope pansi.

"Dzuka, mwanawe," ndinatero. "Ahedi akuti ukalembetse mawa. Mabuku ako uli nawo?"

"Onse, amayi. Ndimawerenga mwana akagona masana."

Mayi ake anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Ndinkaganiza kuti makalata a anthu osaphunzira ngati ine sawerengedwa. Ndani anaiona?"

Ndinawauza kuti ndinali kuchipatala, kuti kalata yawo inakwiririka pansi pa makalata ena ambirimbiri, ndipo amene anaifukula ndi makina a mu kompyuta.

"Makina amva Chichewa changa?"

"Amva, mayi. Anaiika pamwamba pa makalata a mabwana onse."

Anagwedeza khanda lija kumsana. Kenako anati, "Mulungu ali ndi antchito ambiri." Sindinawatsutse.

Tinanyamuka tsiku lomwelo, ine ndi mtsikanayo pa njinga ziwiri, chikwama cha mabuku chili pamiyendo pake. Anagona kwathu. Lachisanu m'mawa anasaina fomu muofesi mwanga, atayamba wayeserera kaye papepala lina. Dzina lake linapita nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Mayeso analemba, ndipo anakhoza. Tsiku limene zotsatira zinatuluka anafika kuofesi ndi amayi ake, atanyamula nkhuku yoyera yomanga miyendo. Anati ndi ya amene anawerenga kalata. Ine ndi madamu a sayansi tinayang'anana, tinayang'ana kompyuta, ndipo tonse anayi tinaseka mpaka ahedi anatuluka kudzafunsa chimene chachitika.