Aderaldo ndi Fupa la Kuseri kwa Khola

Aderaldo anabadwira m'chigawo chouma cha Paraíba, kumene mvula imabwera ikafuna, ndipo waweta mbuzi moyo wake wonse. Kusukulu anangosuzumirako. Lero ndi nkhalamba imene midzi imaitumira galimoto kuti ikaloze pokumba maenje osungira madzi, koma poyamba ankamutcha wamisala.

Chilala chitalowa chaka chachitatu, mbuzi zake makumi anayi zinatsala khumi ndi ziwiri. Mkazi wake Genilda ananena mosapsatira kuti ikangofa ina, banja lonse likwera basi ya kumzinda waukulu wa São Paulo. Aderaldo mtima unamuwawa, chifukwa kumeneko akanangokhala wosenza njerwa za anthu.

Kuseri kwa khola lake kunali thanthwe lalikulu. Pakati pake panali dothi louma gwa, ndipo m'dothimo munkaonekera nsonga ya fupa lonenepa ngati mtondo. Mafupa otere kuno si achilendo, amayi ena amachapirapo zovala. Aphunzitsi a m'mudzimo anamuuza kuti ndi a chilombo chaulesi chamakedzana, chachikulu ngati njovu, chimene chinkadya masamba kuno kudakali kobiriwira.

"Nanga chinkamwa kuti, aphunzitsi?"

"Kaya, zimenezo m'buku mulibe."

Aderaldo anaganiza ngati woweta: chiweto cha ludzu chimakafera pamadzi. Ndiye kuti pansi pa dothilo panali dzenje lamwala limene kale linkasunga madzi. Anatenga khasu.

Mlamu wake Valdomiro ankabwera kudzaseka. "Alamu, anzanu tikusaka madzi, inu mukufukula maliro? Kapena mukufuna msuzi wa mafupa?"

"Msuzi womwewu mudzaumwa, alamu. Mudzabwere ndi ndowa yanu."

Anakumba masabata asanu, akutulutsa nthiti, mano ndi zikhadabo zotalika ngati chikwanje. Ali mkati mokumba, mbuzi ina inafa. Anaikwirira mwakachetechete osauza Genilda, mantha ali tho. Dzenje linazama mpaka msinkhu wa anthu atatu, m'mbali monse mwala wokhawokha.

M'mwezi wa Malichi kunagwa mvula ya tsiku limodzi lokha. Minda inamwa n'kuumanso, koma madzi onse a pathanthwe anatsetserekera m'dzenjemo mpaka kusefukira. Anali madzi okwanira chaka. Aderaldo anavina m'matope ngati mwana, akulira ndi chimwemwe.

Genilda anaima m'mphepete, manja m'chiuno.

"Bambo inu, kuwerenga ndimatha. Mbuzi zija zatsala khumi ndi imodzi, ndadziwa kalekale."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikananena, tikanakwera basi."