Mzinga Wachiwiri wa a Tokuji

A Tokuji Hamaoka anagulitsa tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, m'tauni ya Kure zaka makumi asanu, ndipo pa zaka zonsezo palibe anawamvapo akutchula za nkhondo. Tonse tinkadziwa kuti pa unyamata wawo anali pa sitima yankhondo yapamadzi, imodzi mwa zikuluzikulu zija za mizinga khumi, ndiponso kuti sitimayo inamira. Koma ukawafunsa, ankangoloza khutu lawo n'kukufunsa kuti ukufuna tofu wochuluka bwanji. Ugonthi wawo unali weniweni, komabe ankadziwa kuugwiritsa ntchito.

Pofika zaka 91 ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, Michiyo, ndi mkamwini wawo Shozo. Shozoyo anali atapuma pa ntchito yoyendetsa basi, ndipo monga achitira amuna ambiri opuma pa ntchito, atasowa chochita anapeza chosokosera nacho anzake. Anagula gemu ya pakompyuta ya sitima zankhondo, n'kuika chisipikala chachikulu pansi pa tebulo. Akawombera, makapu m'kabati ankachita kuvina.

Tsiku lina masana a Tokuji analowa m'chipindamo kudzafuna nyuzipepala. Pakompyutapo panali sitima yofanana ndi yawo ija. Shozo anadina, mizinga inalira, ndipo mkuluyo anangoima chilili.

"Tabwereza."

Shozo anabwereza.

"Bodza limenelo. Yalira pamodzi. Sinkalira pamodzi."

Shozo anaseka mpaka kutsokomola. "Inu bambo, belu lapakhomo simulimva, ketulo akamalira mumati ndi mphaka. Lero mwamva kulakwa kwa mizinga?"

A Tokuji sanaseke. Anakhala pansi n'kuyankhula mawu ambiri kuposa amene anayankhula chaka chonsecho. Anati mizingayo inkakhala iwiriiwiri m'kanyumba kachitsulo. Ikalira nthawi imodzi, zipolopolo zake zinkasokonezana m'malere n'kukagwa motalikirana, ndiye akatswiri anaikamo kachipangizo kochedwetsa mzinga umodzi pang'ono chabe, kosakwana n'kuphethira komwe. A Tokuji ntchito yawo inali yolonga matumba a onga mu mzinga wochedwawo. Woyamba kulira unali wa mnzawo Iwao, mwana wa msodzi, amene ankawanena tsiku ndi tsiku kuti, "Kachedwe, ngakhale nkhondo ukuichedwanso?" Sitima itamira, Iwao sanatulukemo. Mwa onse a m'kanyumba kaja, amene anali akadali moyo anali a Tokuji okha.

Michiyo anamva zonsezi ataima pakhomo, ndipo anachita mantha. Bambo amene anakhala chete moyo wake wonse, lero atulutsa dzina la munthu amene sanamutchulepo? Anapita nawo kwa dokotala. Dokotalayo ananena mwaulemu kuti pa msinkhu umenewu mutu umasakaniza zoona ndi zolota. Kuyambira pamenepo m'nyumbamo anayamba kukamba za iwo ali pomwepo ngati palibe. Akatchula Iwao, Michiyo ankangoti, "Eya bambo, eya," ndi mawu aja oyankhulira mwana wodwala malungo.

Gemu yokhayo sikanawasowetsa tulo a Tokuji. Chinawapweteka n'choti kamodzi kokha kamene anatsegula pakamwa, mwana wawo yemwe anawayesa ozungulira mutu. Anatsimikiza mtima kuti sadzalowa m'manda Michiyo akuganiza kuti Iwao ndi maloto.

Analemba kalata ku kampani yopanga gemuyo ku Osaka. Yankho linabwera lothokoza kwambiri, pamodzi ndi kathawulo kojambulidwa sitima. Anthu a m'maofesi amadziwa kukana munthu uku akumuweramira. Analemba yachiwiri, kunabwera kalendala. Lolemba lililonse tinkawaona akutsika msewu wa ku positi, ndodo kutsogolo, envulopu m'thumba la jekete, kaya kugwe mvula kaya kuzizire.

"Bambo, mukutichititsa manyazi," anatero Michiyo. "Anthuwo ali ndi mabuku, ali ndi akatswiri."

"Akatswiriwo anaimapo m'kanyumba kaja?"

"Ndiye mulemba mpaka liti?"

"Inki ikadalipo."

Kalata yachisanu ndi chinayi inayankhidwa ndi munthu wa dzina. Anali mayi Kurihara, amene ntchito yawo inali yokonza phokoso lonse la m'gemumo. Analemba kuti akonza kaliridwe ka mizinga ka mitundu isanu, ndipo ngati agogo angathe kufika, adzasankhe koonako.

Michiyo anakana masiku atatu, tsiku lachinayi anaumba mpunga wa kamba akung'ung'udza. M'sitima yapamtunda yopita ku Osaka anawakonza kolala kawiri n'kuwauza kuti, "Mukakalephera, tikapepesa n'kubwerako, ndipo nkhani imeneyi ithere pomwepo. Mwamva?"

"Sindinamve," anatero a Tokuji.

Mayi Kurihara anali wa zaka za m'ma 40, wochepa thupi, wa maso otopa. Anawalowetsa m'kachipinda kopanda zenera, anawakhazika pampando, n'kuwaveka mahedifoni.

"Agogo, ndiziliza kamodzikamodzi. Mukamva koyenera, mukweze dzanja."

Koyamba kanalira. Kachiwiri. Kachitatu. A Tokuji anatsinzina, anakwinya nkhope, anapendeketsa mutu. M'makutu mwawo zonse zinali chimodzimodzi, phokoso lakutali ngati munthu akumenya chitseko cha nyumba ya eni. Kachisanu kanatha dzanja lili pabondo. Anabwereza zonse, osaphula kanthu.

Michiyo anaimirira, nkhope ili gwaa. Anayamba kuwerama. "Pepani kwambiri mayi, takutayitsani nthawi. Bambowa akula, masiku ano mutu wawo..." Anatola chipewa chawo. "Tiyeni bambo. Tawavutitsa mokwanira anthuwa."

Manyazi anawagwira a Tokuji mpaka m'mafupa. Kwa nthawi yoyamba nawonso anadzikayikira. Bwanji ngati dokotala uja ankanena zoona? Anavula mahedifoni aja, ndipo chala chawo chitakhudza khutu, anakumbukira chinthu chimene ankachita asanawombere, chimene anachizolowera kwambiri moti sanaganize n'komwe zochilemba m'makalata.

"Thonje," anatero.

"Mwati chiyani, agogo?"

"Tinkatseka makutu ndi thonje, n'kumanga nsalu pamwamba. Ndani angamvere mzinga ndi makutu? Ubongo ungatulukire m'mphuno! Mzinga tinkaumva ndi mapazi. Kwathu kuja ndinaumva chifukwa chitsiru cha mkamwini wanga chinaika sipikala pansi." Analoza chisipikala chachikulu chimene chinali pakona. "Gonekani icho."

"Bambo, chonde..."

"Iwe khala chete, undigwirire ndodo."

Mayi Kurihara anachigubuduza okha chisipikalacho, anachigoneka chagada, n'kuyalapo thabwa. A Tokuji anavula masilipasi, anavula masokosi, anachotsa ndi kachipangizo kawo ka m'khutu kothandiza kumva n'kukaika m'thumba. Anakwera pathabwapo ndi mapazi awo oumawo, dzanja limodzi litagwira phewa la Michiyo, n'kupinda mawondo pang'ono.

Koyamba kanagunda. "Pamodzi. Bodza lija ndi limeneli."

Kachiwiri. "Kafupika."

Kachitatu. "Aaa, ameneyu ndiye wagona tulo. Ine ndinkachedwa, koma osati chonchi."

Kachinayi katagunda, zala zawo zinakanikiza phewa la Michiyo mpaka iye anabuula. Sanakweze dzanja. Anangoti, "Ndi kameneka."

Mayi Kurihara sanakhulupirire msanga. Anasakaniza ndondomeko yake n'kulizanso zonse, ndipo a Tokuji anasankha komweko. Anasakanizanso, apanso anasankha komweko, n'kuwonjezera kuti, "Mayi, mufuna ndikalambire pano?"

Apo mayiyo anatsegula kabati n'kutulutsa pepala. Analipereka kwa Michiyo n'kufotokozera iyeyo, poti mkuluyo sakanamva.

"Kalata zawo zitandisowetsa mtendere, ndinakafufuza m'mapepala akale a asilikali apamadzi. Kachipangizo ka m'mizinga kaja kanalipodi. Kankachedwetsa mzinga ndi magawo atatu pa magawo zana a sekondi imodzi. Akuluakulu anga anati palibe munthu angasiyanitse zimenezo, ndisataye nthawi. Kachinayi kaja ndinakayeza ndendende pa nambala imeneyi. Sindinauze aliyense."

Michiyo anawerenga pepalalo kawiri. Anayang'ana bambo ake ali chiimire pathabwa, thalauza atapinda, akakolo owonda ngati timitengo todyera mpunga. Anakumbukira "eya bambo, eya" wake uja, ndipo anadzimvera chisoni ndi manyazi. Anafuna kupepesa, koma kupepesa kwa munthu amene waika makutu ake m'thumba n'kungotaya mawu.

Anatsamiritsa ndodo kukhoma, anavula masokosi ake, n'kukwera pathabwapo pambali pawo. Anakodola mayi Kurihara kuti alizenso kachinayi kaja.

Kanagunda. Michiyo anapukusa mutu, chifukwa iye anamva kamodzi kokha.

"Waumitsa miyendo ngati mlonda," anatero a Tokuji mokuwa, monga ayankhulira anthu osamva. "Pinda mawondo. Tsinzina. Usamvetsere, ingoima."

Anapinda mawondo, anatsinzina. Kanagunda, kamodzi. Kanagundanso. Ulendo wachitatu chinachake chinadutsa ku zidendene zake, kugunda kumodzi kokhala ndi kwinanso kumsana kwake, pafupi kwambiri moti akanapuma mpweya sakanakumva. Anatsegula maso misozi ili mbwembwembwe, n'kukweza zala ziwiri.

"Woyambayo ndi Iwao," anatero mkuluyo.

Michiyo anayandikitsa pakamwa pake pa khutu lawo n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse, mpaka mayi Kurihara anadzidzimuka.

"Wachiwiriyo ndinu, bambo!"